Dzina Lanu Likatuluka pa Mndandanda wa Ochotsedwa Ntchito

Mu 2022 nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, Lobin Lowe, idalengeza kuti ADMARC yayamba yatsekedwa kaye ndipo antchito ake akakhale kunyumba. Miyezi ingapo itadutsa, anthu oposa 4,000 adalandira makalata owachotsa ntchito. Kampaniyi idakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kwa alimi a kwa Msakambewa, Mponela, Madisi mpaka ku Malomo m'boma la Ntchisi, inali chinthu chomwe adabadwa nkuchipeza. Pambuyo pake ADMARC idayamba kulemba antchito mwatsopano. Apa mpomwe ochotsedwa ambiri adadzifunsa funso lomwe sadaliganizirepo chilembedwere ntchito: kodi ntchito yomwe ndinkagwira ija ikabweranso, lamulo likuti ayambe aitana ine?

Lamulo la ntchito la dziko lino silinena zimenezo. Limanena za notisi, za ndalama zomwe muyenera kulandira, ndi za komwe mungakadandaule. Koma za momwe mndandanda wa ochotsedwa uyenera kukonzedwera, ndi za kuitanidwanso ntchito ikapezeka, lidakhala chete. Ziwirizi zimapezeka pokhapokha bungwe la apantchito litazilembetsa m'pangano, ndipo nthawi yabwino yozilembetsa ndi pomwe zinthu zili bwinobwino, makalata asadayambe kuuluka.

Nkhaniyi ndi yaikulu kumapiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi chifukwa ntchito zolandira pamwezi nzowerengeka. Mukachotsa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, oyang'anira nkhalango, alonda, ndi odula matikiti m'misika ya khonsolo, otsala ambiri amadalira fodya, soya, mtedza ndi chimanga. Malipiro a munthu mmodzi ndiwo amagula feteleza wa mabanja atatu ndi kulipira fizi ya mwana wa mchemwali. Kalata imodzi ikafika, nyumba zingapo zimagwedezeka.

Lamulo lomwe likukutetezani

Ambiri a m'boma amaganiza kuti Employment Act ya 2000 ndi ya anthu a m'makampani ndi m'maesiteti okha. Si choncho. Lamuloli limanena lokha kuti limagwira ntchito kwa olemba ntchito wamba komanso kwa boma, mabungwe ake ndi makampani ake. Omwe lidawapatula ndi asilikali, apolisi ndi a ndende, kupatula anthu wamba olembedwa m'nthambi zimenezo. Pamwamba pake pali malamulo aakulu a dziko a 1994. Gawo 31 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi wolowa bungwe la apantchito, ndipo gawo 43 limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, ichite motsata njira yoyenera ndipo ikupatseni zifukwa zake polemba. Wogwira ntchito m'boma ali ndi zinanso zomuyang'anira: Public Service Act ya 1994 ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito m'boma omwe ambiri amangowatchula kuti MPSR.

Gawo 57 la Employment Act limalola zifukwa zitatu zokha zochotsera munthu: kulephera ntchito, khalidwe loipa, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bungwelo. Kuchepetsa antchito kumagwa pa chachitatuchi. Wochotsedwa mwa njira imeneyi sadalakwe kanthu, ndipo kalata yake isakhale ndi mawu omupaka matope. Gawo lomweli limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, ndale, kukhala ndi pakati, kudwala kwa kanthawi, kapena kukhala membala ndi kutenga mbali m'bungwe la apantchito. Gawo 61 limati pakakhala mlandu, wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka chifukwa ndi kusonyeza kuti adachita zinthu mwachilungamo. Akalephera kupereka chifukwa, lamulo limatenga kuti munthuyo adachotsedwa mopanda chilungamo. Mtolo wa umboni suli pamutu panu, ndipo ambiri sadziwa zimenezi.

Ndani adalemba mndandandawo?

Mndandanda umaoneka wosalakwa ukamatidwa pa bolodi: nambala, dzina, giredi, malo ogwirira ntchito, pansi pake chidindo. Anthu amaima mounjikana, chala chikutsika mzere ndi mzere, wina nkupumira m'mwamba, wina nkuchoka osalankhula. Koma pepala lija lidalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo adali ndi njira yomwe adasankhira. Funso loyamba la bungwe lanu likhale limenelo: mudatsata chiyani?

Njira yodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi yoti wolowa pomaliza ndiye atuluke poyamba. Ili ndi vuto lake, pakuti imagwetsa achinyamata omwe mwina ndi amene ali ndi maphunziro atsopano. Komabe ine ndimaikonda pa chifukwa chimodzi: tsiku lomwe munthu adayamba ntchito lili m'failo, ndipo nkovuta kulisintha. Njira zina monga "kulimbikira ntchito" kapena "kumvera" zimapereka mpata kwa abwana kuti achotse uja amafunsa mafunso pa msonkhano, nkusiya mwana wa alamu awo. Ngati luso lapadera liyenera kuganiziridwa, monga dalaivala yekhayo wa ambulansi kapena kalaliki yekhayo wodziwa kompyuta, zilembedweretu mayina asadasankhidwe, osati kupeza chifukwa dzina litalembedwa kale.

Bungwe la zantchito pa dziko lonse, ILO, lili ndi pangano la nambala 158 la 1982, lomwe Malawi adalivomereza mu 1986. Gawo 13 la panganoli limati wolemba ntchito akafuna kuchepetsa antchito, adziwitse oimira antchitowo nthawi ikadalipo: zifukwa zake, chiwerengero ndi magulu a okhudzidwa, ndi nthawi yomwe zichitikire. Kenako akambirane nawo njira zopewera kapena zochepetsera kuchotsako. Gawo 14 limati adziwitsenso boma.

Kodi panganoli limamanga olemba ntchito kuno? Makhoti athu adalankhulapo kawiri mosiyana. Pa apilo ya 2006 ya kampani ya Malawi Telecommunications Limited, bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi antchito kuti kukambirana kudali kofunika ndipo lidadalira pangano la ILO. Pa apilo ya 2013 ya First Merchant Bank, bwalo lomwelo lidati Employment Act ya 2000 siikakamiza wolemba ntchito kukambirana asadachepetse antchito. Chichokereni pamenepo, maloya a olemba ntchito amanyamula chigamulo chachiwirichi, pomwe a antchito amatsamira pa gawo 61 ndi gawo 31 la malamulo aakulu. Antchito amapambanabe nthawi zina. Mu 2024 bwalo la milandu ya zantchito lidagamula kuti anthu oposa 3,000 omwe adali ku ADMARC alipidwe chipukutamisozi cha mabiliyoni ambiri. Koma ufulu womwe umadalira kuti woweruza atsata chigamulo chiti si woti munthu nkugona nawo tulo. Kukambirana kukalembedwa m'pangano la bungwe lanu kapena m'malamulo a pantchito panu, mkangano wa zigamulo ziwirizi sukukhudzaninso, chifukwa abwana akuyenera kusunga zomwe adasainira okha.

Kukambirana kwenikweni si kuitanidwa mu holo kukamva zomwe zagamulidwa kale. Oimira antchito ayenera kuona ziwerengero, ndi kufunsa ngati sizingatheke kuyamba ndi ofuna kupuma mwa kufuna kwawo, kusiya kulemba atsopano, kapena kusamutsira anthu ku nthambi zomwe zikusowa antchito. M'boma njira yomalizayi ndi yomwe ili ndi mphamvu kwambiri, popeza unduna wina ukamati anthu achuluka, wina umakhala ukulira kuti mipando ili pululu.

Zomwe muyenera kulandira

Wolandira pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi polemba, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwake. Masiku a tchuthi omwe simudapite amasanduka ndalama. Gawo 53 la Employment Act limati malipiro ndi zina zomwe mudagwirira kale ziperekedwe pasadathe masiku 7 chichotsedwereni. Mulinso ndi ufulu wopempha kalata yosonyeza zaka zomwe mudagwira ndi ntchito yomwe munkagwira. Itengeni ngakhale mtima uli kuwawa, idzafunika pofunsira ntchito kwina.

Ndalama yaikulu ndi yomwe lamulo limaitcha severance allowance, pa gawo 35. Chisinthireni lamuloli mu 2010, amawerengera motere: chaka chilichonse chathunthu pa zaka 5 zoyambirira, malipiro a masabata 2, kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata 3 pa chaka, kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo, masabata 4 pa chaka. Tiyerekeze kalaliki wa pa sikelo yemwe wagwira zaka 12 ndipo amalandira K200,000 pamwezi. Zaka 5 zoyamba zimpatsa masabata 10, zaka 5 zotsatira masabata 15, zaka 2 zomaliza masabata 8. Onse pamodzi masabata 33. Malipiro ake a pasabata ndi pafupifupi K46,000, ndiye ayembekezere ndalama yoposa pang'ono K1.5 miliyoni. Amatengera malipiro a nthawi yomwe mukuchotsedwa, osati omwe mudayambira, ndipo ndalama ya nyumba imalowa m'kati. Iyi ndi mbali yotsikitsitsa yomwe lamulo limalola. Bungwe lamphamvu limakambirana zoposa apa, kuphatikizapo galimoto yosamutsira katundu kubwerera kumudzi.

Werengerani nokha ndi pensulo musadasaine. Pepala lomwe pansi pake palembedwa kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu lisasainidwe chiimirire pa kauntala. Pemphani kope, kalionetseni kwa mlembi wa bungwe lanu kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.

Penshoni ndi thumba lina, ndipo asakusokonezeni kuti imalowa m'malo mwa severance. Pa ndondomeko yosonkha, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Funsani sitetimenti, muone ngati zomwe ankakudulani zinkafikadi ku thumbalo. Ogwira ntchito m'boma achikulire ambiri akadali pa dongosolo lakale lomwe boma limalipira lokha giratuwite ndi penshoni, choncho iwo afunse ku ofesi yoona za antchito kuti MPSR ikuwapatsa chiyani mpando wawo ukathetsedwa.

Pali magulu awiri omwe amapusitsidwa kawirikawiri. Loyamba ndi la anthu a makontirakiti afupiafupi, miyezi itatu, kenako ina itatu, mpaka zaka zisanu ndi ziwiri pa geti lomwelo. Gawo 28 limati ngati kontirakiti yotereyi ikudzaza mpando wa ntchito yokhazikika ya bungwelo, itengedwe ngati ntchito yopanda malire a nthawi. Lachiwiri ndi la ogwira ntchito pa nyengo, monga nthawi yogula mbewu. Amene amalembedwa nyengo ndi nyengo motsatizana, lamulo limaphatikiza nthawi yonse yomwe adagwiradi nkuitenga ngati ntchito yosadukiza. Sungani timapepala ta malipiro tonse, ngakhale tija tazimiririka inki.

Kuitanidwanso

Pa tsiku lotsanzikana, abwana amakonda kunena kuti zinthu zikadzayenda bwino tidzakuganizirani. Mwina amanenadi kuchokera pansi pa mtima. Koma abwanawo amasamutsidwa, bodi imasintha, boma limasintha, ndipo wobwerayo amapeza failo yopanda lonjezo lililonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Malangizo a ILO a nambala 166, omwe amayendera limodzi ndi pangano lija, amati ochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito ayenera kukhala patsogolo wolemba ntchito akafunanso anthu a luso lofanana, ngati adasonyeza kuti akufuna kubwerera. Awa ndi malangizo chabe, samanga dziko. Abale athu omwe ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town amakumana ndi lamulo lolembedwa momveka kuposa lathu: gawo 189 la Labour Relations Act ya ku South Africa limalamula wolemba ntchito kuti, m'kalata yoitanira ku zokambirana, anene njira yomwe asankhire ochotsedwa komanso ngati pali mwayi woti adzalembedwenso. Nyumba ya Malamulo yathu idasintha malamulo a ntchito mu 2010 ndi mu 2021, koma mpata umenewu idausiya. Ine ndikuona kuti Malawi Congress of Trade Unions ikadaika nkhaniyi patsogolo penipeni, chifukwa dziko lino lachepetsa antchito kambirimbiri: antchito a m'munsi a m'boma m'zaka za m'ma 1990, makampani omwe adagulitsidwa potsatira lamulo la 1996, njanji mu 1999, Air Malawi mu 2013.

Podikira lamulo, chida chilipo. Labour Relations Act ya 1996 imati bungwe likakhala ndi mamembala osachepera 20 peresenti ya antchito pamalo, wolemba ntchito akhale nalo pansi kukambirana. Ku mbali ya boma, mabungwe monga Civil Servants Trade Union ndi Teachers Union of Malawi amakumana ndi gulu lokambirana la boma. Nkhani zomwe zimamveka pa wailesi kuchokera ku zokambirana zimenezi pafupifupi nthawi zonse ndi za maperesenti okweza malipiro ndi ndalama ya mayendedwe. Nzofunika, koma mamembala a m'maboma ali ndi ufulu wouza nthumwi zawo kuti zikalembetsenso za tsiku loipa.

Ndime ya kuitanidwanso ikhale yosasiya malo othawira. Inene kutalika kwa nthawi yomwe dzina likhale pa mndandanda woyembekezera, kaya chaka kaya zaka ziwiri. Inene amene ayambe kuitanidwa, ndipo chachilungamo nchoti wa zaka zambiri ayambe. Inene njira yodziwitsira munthu. Pamenepa tisamaganize za m'tauni: wochotsedwa wa kuno amabwerera kumudzi kuseri kwa phiri, komwe netiweki imagwira ukakwera pachulu, ndipo nyuzipepala safika. Kalata yopita ku bokosi la positi la ofesi yomwe adachokamo siingamupeze. Pangano linene kuti adzaimbiridwa foni, bungwe lake lidzapatsidwa kope, ndipo adzakhala ndi masiku okwanira oti ayankhe. Inenenso giredi yomwe adzabwerere, ngati zaka zakale zidzawerengedwe, ndi kuti severance yomwe adalandira sadzaibweza. Pomaliza, itseke njira yomwe yafala masiku ano, yochotsa alonda ndi osesa lero nkupereka ntchito yomweyo mawa ku kampani yapadera yomwe ilembe anthu omwewo pa theka la malipiro.

M'boma lenileni muli chopinga china. Mipando yokhazikika imadzazidwa kudzera m'makomishoni, monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission, ndipo njira yawo ndi yolengeza ntchito ndi kuyesa ofunsira. Mkulu wa ofesi pa boma la Dowa kapena Ntchisi sangakulonjezeni mpando wotere payekha. Nchifukwa chake kwa wa m'boma, nkhondo yeniyeni ndi yoti asamutsidwe asadachotsedwe pa buku la malipiro. Ukatulukamo, kubwerera kumakhala kufola pamzere limodzi ndi ongomaliza kumene sukulu.

Chenjezo lina lili m'gawo 35 lija la Employment Act. Wolemba ntchito akakupatsani ntchito ina pamalo omwewo, pa malipiro ndi zina zosachepera zomwe mudali nazo, inu nkukana popanda chifukwa chomveka, severance imakudutsani. Mukakana, lembani chifukwa chake ndipo sungani kope.

Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa

Nthawi ndiyo imapha milandu yambiri. Gawo 62 limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lanu, uja timangoti ku leba. Miyezi itatu siichedwa kutha munthu ukusamutsa banja, ukufuna malo a ana kusukulu ina, ukudikira lonjezo la abwana. Kadandauleni msanga ngakhale zokambirana zikupitirira, ndipo onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa ndi tsiku lake. Wa ku leba akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizi pa mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, ndipo kwa anthu a Dowa ndi Ntchisi lapafupi lili ku Lilongwe. Kumeneko mukhoza kudziimira nokha kapena kuimiridwa ndi mkulu wa bungwe lanu. Osowa ndalama ya loya afunse ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo a chisalungamo chochitidwa ndi maofesi a boma, makamaka pa ndalama zomwe zakhala zaka osatuluka.

Bwalo likapeza kuti mudachotsedwa mopanda chilungamo, gawo 63 limalipatsa njira zitatu: kukubwezerani pa mpando wanu ngati kuti simudachokepo, kukulembaninso pa ntchito yofanana nayo, kapena chipukutamisozi. Chipukutamisozicho chili ndi malire apansi: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa wa zaka zosaposa 5, masabata 2 kwa wa zaka zosaposa 10, masabata 3 kwa wa zaka zosaposa 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka kwa woposa pamenepo. Iyi ndi ndalama yapadera, yosiyana ndi severance. Umboni womwe umagwedeza kwambiri mlandu wa wolemba ntchito ndi wakuti mpando womwe adati watha adaikapo munthu wina patangopita masabata ochepa. Mukaona chilengezo cha ntchito yanu yomwe m'nyuzipepala kapena pa WhatsApp, chijambuleni pamodzi ndi tsiku lake.

Ena amafulumira kunena za sitiraka. Ndi ufulu, koma uli ndi njira yake: mkangano uyambe wapita kokayanjanitsidwa, kenako notisi ya masiku 7, ndipo ogwira ntchito zomwe kuima kwake kungaike moyo wa anthu pachiswe saloledwa. Chisinthireni lamulo mu 2021, wolemba ntchito akhoza kudula malipiro a masiku a sitiraka opitirira 3 pa chaka.

Milandu ya zantchito imatenga nthawi, nthawi zina zaka, ndipo wogonja akhoza kuchita apilo ku High Court pa mfundo za lamulo. Ochotsedwa pamodzi ndi bwino asumire limodzi, asankhe komiti yaing'ono, asunge kaundula wa mayina, manambala a foni ndi midzi ya aliyense, komanso dzina la wachibale woti adzalandire ngati mwini wake atamwalira mlandu usadathe.